Nkhondo ya pa Mlatho, Ine ndi Achimwene

Loweruka, 1 Marichi

Kope latsopano. Lakale ladzaza, lanyowanso ndi tiyi pakona.

Kwa achimwene monga mwa Loweruka lililonse. Basi ya 9 koloko, yothinana. Ndinapeza tebulo la pabalaza atalikonza kale, nsalu ya alamu, akazi awo, itapindidwa pampando. Zaka makumi awiri tsopano alamu sakondwa nayo nkhani yochotsa nsaluyi. Masewera athu amawatcha nkhondo ya makatoni.

A Ndevu, amene amayendetsa kalabu yathu ya masewera a pabolodi, atipempha nkhondo yatsopano ya mpikisano wa pa 26 Epulo. Yopeka tokha. Za m'buku la malamulo zija aliyense anaziloweza kale. Ntchito taigawana mwa nthawi zonse: ine mapu, achimwene manambala. Sabata yonse ndimajambula mapaipi a madzi ku ofesi, mtsinje ndi dambo sizingandivute. Iwo anakhala zaka 31 pa siteshoni akulamula sitima, iyi idikire, iyo idutse. Ndandanda yonse inali m'mutu. Ku kalabu mpaka pano amawaitana kuti a Sitima.

Ndilembe pano ndisaiwale. Nkhondo ya pa Mlatho. Mapu a tizipinda ngati chisa cha njuchi. Mtsinje pakati, mlatho umodzi, dambo kummwera, kaphiri kumpoto. Ofiira akuukira: akasinja 6, magulu 8 a asilikali oyenda pansi. Abuluu akuteteza: akasinja 3, magulu 6, mzinga umodzi paphiri, thandizo lawo likufika raundi yachinayi. Maraundi 8. Wogwira mlatho pomaliza ndiye wapambana.

Kujambula si ntchito. Ntchito ndi kuti mbali zonse zikhale ndi mwayi wofanana, munthu asagonje chifukwa cha mtundu umene wagwira. Muyeso wathu ndi wakale. Pa masewera khumi achimwene amandigonjetsa kasanu ndi kawiri. Akatero ali Ofiira, n'kuteronso ali Abuluu, ndiye kuti sikelo ili pakati.

Lero anatenga Abuluu. Kawiri konse ndawalanda mlatho. Ndinaseka mpaka alamu anasuzumira kuchokera kukhitchini. Achimwene anangokanda kumutu. "Abuluuwa ndi ofooka, awonjezere kanthu." Ndavomera. Koma mumtima ndikuti mwina nane ndakula, pa zaka 54.

Lachiwiri, 4 Marichi

Nkhomaliro ku ofesi, buledi m'dzanja limodzi, sizasi m'dzanja lina. Ndadula tizidutswa tatsopano pa katoni ya mapepala a printa. Gulu limodzi lowonjezera kwa Abuluu. Dambo ndalikulitsa ndi tizipinda tiwiri kuti akasinja a Ofiira asazungulire msanga.

Mnzanga wa desiki yoyandikana anafunsa ngati ndi mapu a dera latsopano. Ndati eya, dera lokhalo lopanda anthu odandaula za madzi.

Inki yakweranso mtengo. Mtsinje ndaupaka ndi pensulo. Bondo likuwawa, mvula ili pafupi.

Loweruka, 8 Marichi

Masewera anayi. Achimwene Abuluu kawiri, ndapambana ine. Tinasinthana. Achimwene Ofiira kawiri, ndapambananso ine.

Lero sindinaseke.

Pa masewera achiwiri thandizo la raundi yachinayi analiiwala m'chivundikiro cha bokosi. Ndinadikira, ndikuyesa ndi msampha. Ndinawakumbutsa raundi yachisanu ndi chimodzi, mlatho utapita kale. Lamulolo analemba okha, ndi dzanja lawo, sabata ziwiri zapitazo.

Pa omaliza akasinja atatu anawalowetsa m'dambo n'kutitimira. Iwo amene akhala akundinena kuti wokonda matope zaka zonsezi ndikalakwitsa chimodzimodzi. Kenako anagwira madayisi nthawi yaitali, maso pa pepala la manambala, milomo ikuyenda. Anati magalasi atha mphamvu.

Kukhitchini, ndikutsuka makapu, alamu anandiuza motsitsa mawu. Lachinayi achimwene anapita kukagula babu ya magetsi. Anabwera patatha maola awiri chimanjamanja, akuti shopu inasamuka. Shopuyo ili pomwe inali. Ndaidutsa lero pa basi, chitseko chili chotsekula.

Ndinafunsa ngati n'koyamba. Alamu anapitiriza kupukuta kapu youma kale. "Ndi kutopa chabe, alamu. Munthu akapuma pa ntchito amatopa ndi kukhala."

Lamulungu, 9 Marichi

Sindinatuluke. Bolodi patebulo langa, ine mbali zonse ziwiri, kuzungulira tebulo ngati wosokonezeka. Kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka.

Ndi manambala oyamba aja, osawonjezera kanthu, masewera 6: Ofiira 3, Abuluu 3. Ndi gulu lowonjezera lija Ofiira safika n'komwe pamtsinje.

Abuluu sanali ofooka.

Ndinafunitsitsa vuto lipezeke pabolodi, pamene sizasi ndi pensulo zingafike. Ndinabwerezanso kawiri kuti mwina. Ayi ndithu.

Sindinaphike. Tiyi yekha.

Lachinayi, 13 Marichi

A Ndevu pa foni. "Mlatho wathu wafika pati, adona a mapu?" Ndati tikuyesabe. Akuti a Telala, mnzathu wa ku kalabu, alumbira kuti chaka chino a Sitima sawapulumuka. A Telala amalumbira chaka chilichonse, chaka chilichonse amabwerera kwawo mutu uli pansi. Ndinaseka nawo. Kuseka kwa pakamwa.

Tsiku lonse ndikukumbuka kanyumba ka kampani kaja pafupi ndi njanji. Mayi atamwalira ndinali ndi zaka 13, achimwene 24. Abale anati ndikakhale kwa azakhali. Iwo anakana, ananditenga. Anaphunzira kundiluka tsitsi, moipa, mizere yokhota ngati njanji ya m'mapiri. Kusukulu ankandiseka. Sindinawauze.

Mwamuna wanga atachoka, ine n'kudzitsekera m'nyumba miyezi iwiri, ndi iwonso anabwera. Sanabwere ndi mawu otonthoza, sadziwa. Anabwera ndi bokosi la masewerawa m'khwapa. Loweruka lathu linayamba choncho.

Ndiuze ndani? Mwana wawo mmodzi yekhayo ali kutali, woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chiwiri. Alamu sakufuna kumva. Mwini wake ndimuyamba bwanji?

Loweruka, 15 Marichi

Ndachita chinthu.

Ndinakonza pepala lachiwiri. Abuluu: akasinja 5, mizinga iwiri, thandizo lili kale pabolodi kuyambira poyamba kuti pasakhale choiwala. Ndinati ndikuyesa maganizo atsopano. Sanaliwerenge pepalalo, anangoyala tizidutswa. Ine ndinaukira mopusa, asilikali poyera, kutsogolo kwa mizinga.

Anapambana kawiri.

Nkhope yawo. Anaimba kamluzu kaja ka pa siteshoni, anaitana alamu kuti adzaone manda a Ofiira. Anandinena wokonda matope ngakhale m'dambo sindinapondemo. Chakudya chamasana anawonjezera.

Alamu anandiperekeza mpaka pageti, chinthu chimene sachita. Anandigwira mkono. "Mwaona, alamu? Ndinanena ine. Mulungu ndi wabwino."

M'basi mpando wakumbuyo, nkhope pawindo. Ndanamiza anthu awiri ndi pepala limodzi.

Lachitatu, 19 Marichi

Mapepala awiri tsopano. Loona lili m'dirowa ya ku ofesi, pansi pa ma fayilo. Labodza lili m'chikwama.

Loonalo likufunika munthu woliyesa nalo. Kusewera wekha sikukwanira, dzanja lamanja limadziwa zimene lamanzere likuganiza. Nambala ya a Telala ndaiyang'ana katatu. Sindinaimbe. Zili ngati kuitana mmisiri wina mwini ntchito ali pakhomo.

Ndinawerenga pa foni za matenda oiwala. Ndime ziwiri, ndinatseka.

Bwana apeza valavu ya paipi imene ndinaijambula mbali yolakwika ya msewu. Koyamba m'zaka zisanu. Anangoti ndikonze, palibe kanthu. Nanenso kodi? Ndinadziyesa mayina a aphunzitsi anga onse a ku pulayimale. Ndawapeza onse kupatula mmodzi, amene ankatimenya ndi rula. Ameneyo atsale.

Loweruka, 22 Marichi

Ndilembe bwinobwino, mwa dongosolo lake.

Alamu anali atapita kumsika. Achimwene anali bwino lero, maso akuthwa ngati kale. Tisanaponye madayisi anatenga pepala langa, anachotsa pensulo kukhutu, n'kuyamba kuwonkhetsa mphamvu za mbali zonse. Ofiira 46. Abuluu 44. Woteteza ali kuseri kwa mtsinje sapitirira magawo awiri mwa atatu a woukira. Mwana aliyense wa ku kalabu amadziwa. Anawonkhetsanso kachiwiri. Anaika pensulo pansi pang'onopang'ono.

"Iwe, kodi wayamba kundilera?"

Ndinati ndi zoyesa chabe. Sanakweze mawu. "Zaka makumi awiri sindinakulekerepo ngakhale kamodzi, ngakhale masiku unkalira aja. Munthu ukamulekera ndiye kuti wamutaya kale."



Analowa kuchipinda, anabwera ndi kabuku ka m'thumba, kachikuto chakuda. Anandipatsa. Dzanja lawo lija, zilembo zoima ngati asilikali. Njira ya kushopu: tuluka geti, kumanja, dutsa sukulu, kumanzere. Mayina a aneba, nyumba ndi nyumba. Dzina la mkamwini. Zimitsa mbaula. Mankhwala a magazi, mmawa, limodzi. Thandizo la Abuluu, raundi 4, atalemba mzere kunsi kawiri. Patsamba lina mzere umodzi wokha: Loweruka kumabwera mlongo wanga.

Tsamba loyamba ndi la Okutobala. Miyezi isanu akusenza okha.

Anati kuli masiku m'mutu muli mbee, kuli masiku muli nkhungu. "Lero kwayera, ndiye tilankhule lero." Anapempha ndiwaperekeze kuchipatala alamu osadziwa. Ndinakana. Ndati bodza limodzi landikwana, achimwene, lachiwiri sindingathe. Anatembenuza kasinja wa katoni ndi chala. Kenako anati awauza okha, koma ine ndikhale pomwepo.

Alamu analowa ndi zikwama ziwiri. Achimwene anawauza chilili, mwachidule, ngati akulengeza kuti sitima yachedwa. Alamu anaika zikwama pansi. Sanalire, sanafunse. Anatenga nsalu yawo pampando n'kuiyala patebulo, pamwamba pa bolodi, tizidutswa tili momwemo. Anaiwongola m'mbali monse. Kenako anakalowa kuchipinda n'kutseka.

Ndinachoka osatsanzika.

Lachisanu, 28 Marichi

Tchuthi cha tsiku limodzi. Chipatala, tonse atatu. Benchi yolimba, maola anayi. Achimwene atavala jekete ndi tayi. Alamu pakati pathu, chikwama pamiyendo, osandiyang'ana.

Adokotala ndi mayi wachichepere, wofatsa. Anawapatsa mawu atatu oti asunge: mpando, nthochi, njinga. Kenako mafunso. Tsiku analidziwa, mwezi anaudziwa. Kuchotsera 7 pa 100 anathamanga bwino mpaka 79, n'kuima. Kenako pepala: ajambule wotchi, mivi iloze 11 koloko itapitirira ndi mphindi khumi.

Bwalo labwino, lozungulira ngati la kampasi. Manambala onse anaunjikana mbali imodzi. Mivi sanadziwe poiika. Munthu amene m'manja mwake sitima sizinagundanepo. Analiyang'ana pepalalo n'kuseka okha. "Wotchi iyi ndiye ikanapha anthu."

Pa mawu atatu aja anakumbuka njinga.

Padzakhala kuyeza magazi ndi kujambula mutu. Koma adokotala sanabise. Zikuoneka ngati matenda oiwala amene amakula pang'onopang'ono. Mankhwala angachedwetse, sangachotse. Alamu anafunsa ngati masewera athu ndi amene awatopetsa ubongo. Adokotala anati ayi, apitirize, amathandiza.

Panja, achimwene atapita kuchimbudzi, alamu anandiyang'ana koyamba. "Inu munadziwa kale. Munandisiya ndikuthokoza Mulungu pa bodza lanu, ngati chitsiru." Akunena zoona. Anawonjezera kuti mawa ndisavutike kubwera, akufuna akhale kaye awiri.

Madzi akatayika sawoleka.

Loweruka, 5 Epulo

Kunyumba. Ndachapa makatani amene sanali akuda.

Lachiwiri, 15 Epulo

Dzulo alamu anaimba. Mawu otopa. Akuti Loweruka lonse achimwene amayala bolodi n'kukhala pawindo, maso kugeti. Masabata atatu. "Ine ndasowa chowauza. Bwerani." Za kuchipatala zija sitinazitchule.

Ndapita lero nditaweruka. Achepa thupi, kolala ya malaya yatakasuka. Zotsatira zinatuluka sabata yatha, ndi zomwezo. Mwana wawo amuuza. Analira pa foni mpaka mkamwini anamulanda.

Anafunsa za mlatho. Ndinaulula kuti masabata amenewa ndakhala ndikuyesa pepala loona ndi a Telala, kuchipinda cha kalabu. Ndinkayesa akhumudwa. Anangoti, "Telala amaopa kuukira, manambala ake usawameze onse." Ndinawaonetsa: masewera 8, tikusinthana mbali, Abuluu apambana 6. Pamene ndinkasewera ndekha sizinaoneke. Pali chinachake chopendekeka, sindikuchipeza. Ndachotsa gulu, zaipa mbali ina. Ndachedwetsa thandizo, chimodzimodzi.

Anayang'ana mapu nthawi yaitali, mpaka ndinayesa aiwala funso. Kenako chala paphiri. "Mzingawu ukuona mlatho wonse. Ika mitengo apa, tizipinda tiwiri. Uziona theka lokha."

Masabata atatu ine ndikuvutika ndi manambala. Vuto linali pa mapu, mbali yanga.

Ola lomwelo anandifunsa katatu ngati ndadya. Katatu ndati ndadya.

Alamu anandipatsa tiyi m'kapu ya alendo. Sindikudziwa ngati ndi ulemu kapena chilango.

Loweruka, 19 Epulo

Mmawa ndi a Telala, mitengo ili paphiri. Masewera 5: Ofiira 3, Abuluu 2. Lachinayi tinasewera anayi, 2 kwa 2. Zakhala. Ndapereka pepala kwa a Ndevu kuti akasindikize. Pansi pake ndalemba: manambala ndi mitengo, a Sitima, mtsinje ndi matope, mlongo wawo.

Ndawauza a Ndevu za matenda, achimwene atandilola. Anavula chipewa, anachivalanso. Anafunsa ngati awachotse pa mndandanda wa osewera. Ndati afunse mwini wake. Mwini wake wakana. Akuti akasewera.

Masana kwa achimwene. Sitinamalize ngakhale masewera amodzi. Nkhungu.

Loweruka, 26 Epulo

Mpikisano. Chipinda chathu cha kuseri kwa shopu ya njinga, fungo la oyilo ndi matayala. Matebulo 6, anthu 12. Mapu anga kasanu ndi kamodzi, osindikizidwa, mtsinje wa buluu weniweni.

Alamu anabwera nawo. Koyamba chiyambire. Anakhala pafupi ndi chitseko, anakana tiyi.

Maere anagwera achimwene ndi a Telala. Achimwene Abuluu. Ine ndinali woweruza, ndikuzungulira matebulo, koma maso anali pamodzi. Maraundi atatu oyamba anali a Sitima akale. Anabisa akasinja kuseri kwa phiri, a Telala analowa okha mumsampha, anataya magulu awiri. Anthu anayamba kusiya masewera awo kudzaonerera. Raundi yachinayi achimwene anatulutsa kabuku kawo, anawerenga, analowetsa thandizo pa nthawi yake. Ndinapuma.

Raundi yachisanu anatambasula dzanja n'kuyendetsa kasinja wofiira. Tizipinda titatu, molunjika pamlatho, kuyendetsa kwanzeru ndithu. Anagwiranso wina.

A Telala anandiyang'ana ine. Kenako motsitsa kwambiri: "Awo ndi anga, a Sitima."

Achimwene anayang'ana dzanja lawo. Anayang'ana bolodi, uku ndi uku. Ndinaona kuti sakudziwanso mbali yawo. Anabwezera kasinja uja pamalo olakwika. Anaimirira, anamanga batani la jekete, anapereka mkono. "Mlatho ndi wanu."

A Telala anakana. Anati masewerawa asawerengedwe, adzabwereza tsiku lina. Zaka khumi ndi ziwiri akufuna chigonjetso chimenechi, lero misozi ili lengelenge. Achimwene sanabweze mkono mpaka anaugwira. Anatembenukira kwa a Ndevu. "Lembani. Apambana."

Anakakhala pafupi ndi alamu mpaka mapeto. Alamu anawakonza tayi imene sinali yokhota.

Zotsatira za tsiku lonse, masewera 18: Ofiira 10, Abuluu 8. A Ndevu anati m'zaka zonse za kalabu sipanakhalepo nkhondo yokhala pakati chonchi. Anthu anaomba m'manja, akuyang'ana kuchitseko. Achimwene anaomba nawo.

M'basi pobwerera anandigunda paphewa. "Nkhondo ya lero ija yakomatu. Anakonza ndani?" Ndati inu ndi ine, achimwene. Anati mitengo ija paphiri, amene anaganiza zimenezo ali ndi mutu. Ndati ndi inu. Anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene sakufuna kutsutsa mlendo.

Alamu anali kuyang'ana panja. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.

Lachinayi, 8 Meyi

Mwana wawo wachira, wamwamuna. Achimwene alemba m'kabuku.

Alamu anabwera ku ofesi nthawi ya nkhomaliro. Sanabwereko chiyambire, anasochera pa masitepe. Tinakhala pa benchi ya panja. Analankhula za mdzukulu, za mtengo wa mankhwala, za neba amene wavomera kumawayang'anira akapita kumsika. Kenako anatsekula chikwama n'kutulutsa buku la malamulo a masewera, lija lachikuto chong'ambika. Akuti aliwerenga masiku anayi, sakutolapo kanthu.

"Inu mumabwera Loweruka lokha, alamu. Sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Ndiphunzitseni."

Akuti achimwene akakhala pabolodi ndi pamene amakhazikika. Kupanda apo amangozungulira m'nyumba, kutsekula madirowa.

Ndati bukulo alisiye, ndi la anthu opanda ntchito. Ndikonza ina yaing'ono. Ndinayamba pomwepo, kuseri kwa envulopu, alamu akuyang'ana. Pepala limodzi. Msewu, nyumba zitatu, chitsime pakati. Dambo ayi, thandizo lochedwa ayi, mzinga ayi. Tizidutswa tinayi mbali iliyonse. Maraundi anayi. Malamulo onse pa kadi imodzi, zilembo zazikulu. Achimwene Abuluu nthawi zonse, kapu ya buluu pambali pawo yowakumbutsa.

Ndinawachenjeza kuti asamawalekere. Alamu anaseka, koyamba m'miyezi iwiri. "Ndiwalekera bwanji ine wosadziwa kutsogolo kwa kasinja?"

Potsanzikana anati za kuchipatala zija analankhula ndi mkwiyo. Ndati analankhula zoona. Anati zonse ziwiri.

Loweruka, 10 Meyi

Nkhondo ya pa Chitsime, kuyesa koyamba. Ine pa sofa ndi kope, osagwira kanthu. Nsalu anaichotsa alamu okha.

Masewera atatu: achimwene 2, alamu 1. Onse anafika raundi yomaliza. Alamu amaponya madayisi ngati akuthamangitsa nkhuku, kawiri anagwera pansi pa kabati. Amatsutsa lamulo lililonse. Atapambana anaimirira n'kukakhala kukhitchini kanthawi. Achimwene anawanena kuti ndi mwayi wa mlendo. Kamodzi kokha anagwira Ofiira, anayang'ana kapu, anabweza okha.

Lero sikelo ili pakati. Sindikudziwa mpaka liti. Alamu sabata iliyonse azidziwa zambiri, achimwene zochepa. Ndiye kuti Loweruka lililonse kuwonkhetsanso. Mwina mwezi wamawa alamu atsale ndi tizidutswa titatu. Kenako tiwiri. Ndawauza onse awiri, pepala lili poyera patebulo. Achimwene anati ndi mmene zimakhalira, wamphamvu amasenza wolemera, bola zilembedwe. Asayina pansi pake ngati lipoti la pa siteshoni.

Ndafika kunyumba 4 koloko. Ndaviika nyemba. Katoni yatha, ndikapemphe ina Lolemba.

Alamu aimba kumene. Ayambanso kusewera, akufunsa ngati kasinja amaloledwa kubwerera m'mbuyo. Ndati amaloledwa, kachipinda kamodzi. Chapatali ndinamva achimwene akufunsa kuti akulankhula ndi ndani. Alamu anati ndi mlongo wanu.

"Muuzeni abwere. Papita nthawi."

Ndachokako maola atatu apitawo. Ndati ndibwera. Mawa Lamulungu basi zimavuta, koma ndikadzuka msanga, ya 7 koloko ndiipeza.